Dothi Lolandirira Alendo

Ana anga, za ubwana wanga ku Bembeke ndinakuuzani kale pakamwa, ndipo sindizibwereza pano. Chimene ndikufuna kuti chikhale papepala ndi ntchito imene inakulerani, makamaka nkhani ya munthu mmodzi amene munkamuona akufika pakhomo pathu ndi dengu la mbatata chaka ndi chaka, koma simunadziwe chimene chinatimanga pamodzi. Munthuyo ndi malemu a Damiano.

1995: Mtakataka

Nditamaliza maphunziro a zaulimi, bungwe lina lothandiza alimi linandilemba ntchito ya ulangizi ndi kunditumiza ku munda wake wachitsanzo kufupi ndi Mtakataka. Ndinatsika basi masana a mwezi wa Novembala nditavala juzi imene mayi anga anandilukira, poti kwathu kumapiri munthu sayenda ulendo wopanda juzi. Amayi ogulitsa mango pamsewu anandiyang'ana, kenaka anayang'anana, ndipo mmodzi anandifunsa mwachifundo ngati ndinali kufuna njira ya ku chipatala cha Mua.

Pamundapo panali ofesi ya chipinda chimodzi, nkhokwe, mjigo ndi nyumba zitatu za antchito. Bwana wanga woyamba anali a Gondwe, munthu amene sankavula tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anandipatsa njinga yopanda mabuleki ndi buku lolembamo maulendo, nandiuza kuti mlangizi wofika kwa mlimi atavala patapata asadabwe akapatsidwa khasu m'malo mwa mpando. Anali wovuta pa nthawi, koma sanandichititsepo manyazi pamaso pa alimi. Ndikalakwa ankadikira kuti tibwerere ku ofesi, n'kutseka chitseko.

A Damiano anali wantchito wa m'munda, mbadwa ya mudzi wina wa kwa Kachindamoto. Anali wamfupi, wamapewa otambalala, wamkulu kwa ine ndi zaka ngati khumi. Sukulu sanapite nayo patali, koma nthaka ankaidziwa ndi dzanja. Ankatapa dothi, kulifinya, kulinunkhiza, n'kunena chimene chingachite bwino pamenepo, ndipo kawirikawiri zimene ananena ndi zimene ine ndinkazipeza m'mabuku patapita masiku.

Sabata yoyamba isanathe ndinatsekula m'mimba koopsa. Ndili chigonere pamphasa, a Damiano anaodira pakhomo, nalowa atanyamula kapu ndi manja awiri.

"Alangizi, dziko lino silinakudziweni," anatero. "Mwangofika n'kuyamba kulipondaponda osalipatsa moni. Imwani aka."

"Muli chiyani m'menemu?"

"Madzi ndi kadothi ka pano. Kwathu mlendo wodzakhala, kaya ndi wamkulu kaya ndi khanda lobadwira kwina, timamulawitsa dothi kuti m'mimba muzolowere malo. Musaope, si la panjira ayi. Ndatapa pachulu."

Ndinali nditaphunzira za tizilombo toyambitsa matenda, ndipo ndinadziwa kuti mankhwala anga sanali amenewo. Koma munthu wamkulu anali atagwada pambali panga ndi kapu m'manja, m'dera limene ndinalibe mbale ngakhale mmodzi. Ndinamwa. Tsiku lotsatira a Gondwe ananditengera ku Mua kumene ndinalandira mankhwala, ndipo ndinachira. A Damiano anakhulupirira kuti chinandichiritsa ndi dothi, ndipo ine sindinawatsutse. Ndinkati ndi ulemu. Akamafotokozera anthu ena nkhaniyi ndinkangoseka n'kuvomera ndi mutu.

2001 mpaka 2013: Golomoti

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi ndinasamutsidwira ku Golomoti, ndipo kumeneko ndi kumene inu atatu munabadwira. Chaka changa choyamba kumeneko chinathera m'njala ija imene aliyense wamsinkhu wanga amaikumbukira. Sindikufuna kulemba zonse zimene ndinaona. Ndilemba chimodzi chokha chifukwa chikukhudza nkhani ino. Chimanga chitakanika, anthu anathamangira ku mbatata ya kholowa, poti imacha msanga ndipo masamba ake ndi ndiwo. Koma mbewu yake inasowa. Kuno kuchigwa chilimwe chimatalika, kholowa amauma, ndipo wotsala mbuzi zimamaliza. Mvula ikagwa anthu ankayenda mitunda kukapempha zingwe za mbatata kwa amene ali ndi dimba, ndipo zambiri mwa zingwezo zinali zodwala kale: masamba opiringizika, mbatata zake ngati zala. Ndimakumbukira mayi wina amene ndinakumana naye pafupi ndi njanji atasenza mtolo wa zingwe zotere. Ndinamuuza kuti mbewuyo ndi yodwala. Anandiyang'ana nati, "Alangizi, yabwinoyo ili kuti kuti ndikatenge?" Funso limenelo ndinayenda nalo zaka zambiri.

Zosowa zina zinali za masiku onse. Mafuta a njinga yamoto ankatha mwezi uli pakati, mapepala olembapo malipoti ankasowa mpaka tinkalemba kuseri kwa akale, ndipo mabwana ankasintha ngati nyengo. Wina ankafuna thonje, wobwera pambuyo pake ankafuna mpunga, ndipo alimi ankatifunsa kuti chaka chino tabwera ndi nyimbo yanji.

2014: Kubwerera ku Mtakataka

Ndinabwezedwa ku Mtakataka monga woyang'anira munda wonse. A Gondwe anali atapuma kale. A Damiano ndinawapeza, imvi zili mbuu, atatsala ndi zaka zitatu kuti nawonso apume. Anandilandira ndi mawu akuti, "Ndinadziwa kuti mubwerera. Munthu amene analawa dothi la pano sapita kutali."

Bwana wathu tsopano anali mayi Chisale, katswiri wa mbewu amene ankakhala ku likulu la bungwe n'kumabwera kawiri pamwezi. Iwo ndi amene anabweretsa njira yolimira mbewu popanda dothi, imene akatswiri amaitcha eroponikisi, koma ife tinkangoti ulimi wa m'nkhungu. Tinamanga shedi yotchingidwa ndi neti kuti tizilombo tisalowe. M'kati mwake munali mabokosi aatali okutidwa ndi pulasitiki yakuda, okhala ndi zivundikiro zobowolabowola. Timbewu ta mbatata topanda matenda tinkabwera m'mabotolo kuchokera kutali, ndipo kalikonse tinkakalowetsa pabowo lake, masamba kumtunda, mizu ikulendewera mumdima wa m'bokosi. Pansi panali mapaipi okhala ndi timilomo tating'ono. Mphindi zingapo zilizonse pampu inkakoka madzi osungunuliramo chakudya cha mbewu kuchokera m'thanki, n'kuwapopera ku mizu ngati nkhungu. Madzi otsala ankayenderera kubwerera m'thanki momwemo, n'kudzazunguliranso. Cholinga chinali kuchulukitsa zingwe zaukhondo m'chilimwe, kuti mvula ikamagwa makalabu a alimi alandire mbewu yabwino. Kwa ine limeneli linali yankho la mayi uja wa pa njanji.

Anthu a m'midzi ankabwera kudzasuzumira paneti. Bambo wina anafuula tsiku lina kuti, "Alangizi, chaka chamawa mudzatiphunzitsenso kuweta nsomba mumtengo!" Koma mayi Chisale sankaseka pa nkhani ya shedi. Anatipatsa malamulo: kusamba m'manja, kuponda m'beseni la mankhwala pakhomo, kuvala nsapato za m'shedi momwemo. "Dothi ndi mdani m'nyumba muno," anatero. Ine ndinalemba malamulowo pabolodi, ndinawawerengera antchito kamodzi, ndipo ndinaona ngati ntchito yanga yatha.

Vuto lathu lalikulu linali magetsi. Akazima masana, mizu inkayamba kufota nthawi yochepa, choncho tinkapopera pamanja ndi sipuleya yatsopano imene sinalowepo mankhwala ena. Pa ntchito imeneyi panalibe wofanana ndi a Damiano. Ankayenda bokosi ndi bokosi thukuta lili kamukamu, osadandaula. Koma nthawi zina ndinkawapeza atatsekula kachitseko ka m'mbali mwa bokosi, akuyang'ana mizu yoyerayo n'kumapukusa mutu.

"Zikukula, sindikukana," anandiuza tsiku lina. "Koma chamoyo kukhala chilendewere chonchi, osaponda pansi, osatsamira kanthu? Ine zimandimvetsa chisoni."

Ndinaseka n'kupitiriza ulendo wanga.

Okutobala 2014: Kansanza ka m'thanki

Gulu lalikulu la timbewu, limene makalabu ankayembekezera, linafika kutentha kuli pachimake. Titangotiika m'mabokosi, masamba anayamba chikasu ndi kugwa mphwayi. Ndinaimbira foni mayi Chisale, ndipo anati ndi kutopa kwa ulendo ndi kutentha, tionjezere mthunzi padenga ndi kudekha. Tinachita zimenezo, ndipo timbewuto tinayambadi kudzuka. Koma patapita masiku ngati khumi timilomo topopera tinayamba kutsekeka. Tikatsuka lero, mawa tatsekekanso. M'mawa wina nditatsekula bokosi loyamba ndinamva fungo la chinthu chowola. Mizu imene inali yoyera ngati thonje inali yofiirira ndi yoterera, ndipo ndikaigwira inkatsalira m'zala. Ndinathamangira bokosi lachiwiri, lachitatu, mpaka lomaliza. Onse anali chimodzimodzi, poti onse ankamwa thanki imodzi.

Ndinalamula kuti tikhuthule thankiyo. Pansi pake tinapeza kansanza ka chitenje komangidwa bwino ndi luzi, kakukula ngati dzira la nkhuku. Antchito anabwerera m'mbuyo. Wina ananong'ona kuti ndi chithumwa, wina anayamba kutchula dzina la mlonda amene tinamuchotsa ntchito chaka chimenecho, kuti ndiye watilodza. Ine ndinamasula luzilo. M'katimo munali dothi lofiira, losalala, la pachulu. Pomwepo ndinakumbukira kapu ija.

Ndinaitana a Damiano pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nkhokwe, ndi kuwaonetsa kansanzako.

"Ndine ndinaika," anatero, osazengereza ngakhale pang'ono. "Timbewu tija tinali kufa ndi chilendo. Tachokera kutali m'mabotolo, tafika kuno palibe wotilandira. Ndipo munaona nokha kuti tinadzuka. Kodi inu simunachire?"

"A Damiano, lamulo lija la dothi simunalimve?"

"Ndinalimva. Munati dothi lisalowe ndi nsapato. Ine ndinkati mukunena za ukhondo, kuti alendo akabwera apeze posesa. Langali si la kunsapato ayi. Ndinasankha chulu chabwino, ndipo ndinasefa ndi sefa ya akazi anga."

Ndinawatengera m'shedi. Ndinawagwiritsa mizu yowolayo, ndi kuwalondolera paipi imene imabweza madzi m'thanki. Ndinawafotokozera kuti m'dothi lililonse, ngakhale la pachulu, mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, kuti m'munda mbewu imalimbana nato poti nthaka ili ndi zoiteteza zake, koma m'bokosi mizu ili pamtetete, ndipo madzi ozungulirawo amagawira matenda mbewu iliyonse kambirimbiri patsiku. Kufotokoza konseko sikunatenge mphindi khumi. Ndinali ndi miyezi yambiri yoti ndinene mawu amenewo, ndiponso zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zoti ndinene zoona za kapu ija.

A Damiano anakhala pansi pasimenti, chipewa chili m'manja.

"Ndiye kuti ndapha mbewu ya anthu," anatero. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Alangizi, bwanji simunandiuze kuti madziwa amabwerera?"

Mayi Chisale anali oti abwere patapita masiku awiri, ndipo ndinayenera kuwapatsa lipoti. Lamulo la bungwe linali lomveka: wantchito woononga katundu pophwanya lamulo mwadala achotsedwe. Kwa a Damiano zimenezi zinatanthauza kutaya ntchito atatsala pang'ono kupuma mwaulemu, ndi kutuluka m'nyumba ya pamundapo pamodzi ndi akazi awo, amene miyendo inali itayamba kale kuwavuta ndipo ankapita ku Mua mwezi ndi mwezi. Njira zothawira zinalipo. Ndikanatha kulemba kuti magetsi ndiwo anapha mbewu, ndipo palibe akanadabwa, koma bungwe likanaona kuti ulimi wa m'nkhungu sungatheke kuchigwa kuno, n'kutseka shedi. Ndikanathanso kungokhala chete, koma mphekesera ya ufiti ikanagwera mlonda uja amene sanalakwe kanthu. Komanso ndisabise: dzina langa linali litaperekedwa kuti ndikwezedwe kukhala woyang'anira minda yonse ya bungwe m'chigawo, ndipo ndinkaufuna udindowo.

Ndinafotokozera mayi anu zonsezi akusankha nyemba pakhonde. Anamvetsera osadukiza, kenaka anafunsa funso limodzi.

"Kapu ija munamwa kapena simunamwe?"

"Ndinamwa."

"Ndipo zaka zonsezi akamati dothi ndilo linakuchiritsani, munkati chiyani?"

"Ndinkavomera."

"Ndiye lembani zimenezo, bambo a Tadala. Munthu uja anachita zimene inu munamuuza kuti zimagwira ntchito."

Ndinalemba zonse monga zinachitikira, kuyambira pa kapu ya 1995. Ndinamaliza ndi kunena kuti wantchitoyo sanachite mwadala, ndi kuti kulakwa kunali kwa woyang'anira amene anapereka lamulo popanda chifukwa chake.

Mayi Chisale anayamba ayendera mabokosi onse asanalankhule ndi munthu. Kenaka anakhala mu ofesi n'kuwerenga lipotilo kawiri. Asanamalize, a Damiano anaodira pakhomo osaitanidwa, atavala malaya awo a ku tchalitchi. Anagwada n'kuika makiyi a nyumba patebulo.

"Mayi, wolakwa ndine. Alangiziwa asavutike chifukwa cha umbuli wanga."

"Dzukani, bambo, khalani pampando," anatero mayi Chisale. Ananyamula kansanza kaja n'kufikisa dothilo ndi zala. "Munasefadi?"

"Kawiri, mayi."

Mayiwo anatseka maso kwa kanthawi. Sindinadziwe ngati akuletsa mkwiyo kapena chinthu china. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Mukudziwa chimene lipoti ili likuchitireni ku likulu?"

"Ndikudziwa, mayi."

"Chifundo cha bambowa chadya mbewu ya makalabu onse, ndipo ulemu wanu ndi umene unachiphikira. Ku likulu adzafuna munthu woyankha. Mwalemba kuti ndinu. Ndikupatsani mpata womaliza woti musinthe."

"Sindisintha, mayi."

Anakankhira makiyi aja kwa a Damiano. "Tengani makiyi anu. Koma m'shedi muja simudzalowanso, ngakhale magetsi atazima sabata yathunthu. Ndipo kwa alimi mupita nonse awiri, mukawauze ndi pakamwa panu. Ine sindinamizira magetsi m'malo mwanu."

Kalata yanga ya chenjezo inafika mwezi wotsatira. Udindo uja unapita kwa munthu wina, ndipo sunabwerenso mpaka ndinapuma.

Kuyenda m'makalabu kunali kowawa kuposa kalatayo. Pamudzi wina mayi wina wamasiye, amene anali ataunda kale mizere yake, anatimvetsera mpaka kumapeto, nati, "Nkhani yanu ndi yomvetsa chisoni, koma ana anga sadya nkhani." A Damiano sanadzutse mutu. Pobwerera sitinakwere njinga zathu, tinangozikankha mtunda wautali.

Komabe si zonse zinatayika. Mayi Chisale anatiuza kuti tidule nsonga za mbewu zimene zinali zisanafote, pamwamba penipeni kutali ndi mizu yowola, ndi kuzidzala panazale kunja kwa shedi, m'dothi lowotchedwa kuti tizilombo tife. Ntchito imeneyo inaperekedwa kwa a Damiano. Atamva kuti dothi liyenera kuphikidwa mumgolo ngati chakudya, anafunsa chifukwa chake, ndipo ulendo uno ndinakhala nawo pansi mpaka anakhutira. Nsongazo anazisamala ngati makanda. Ankazithirira ndi chitini chobowola, kuzifunditsa udzu dzuwa likakula, ndi kuzivundukula madzulo. Zambiri zinaphuka. Makalabu analandira mbewu mochedwa ndiponso yochepa, ena sanalandire konse chaka chimenecho. Mtolo woyamba a Damiano anaunyamula okha panjinga kupita nawo kwa mayi wamasiye uja.

Shedi tinaitsuka yonse ndi mankhwala n'kuyambiranso chaka chotsatira. Kuyambira pamenepo mbewu iliyonse yotuluka m'mabokosi inkadzera m'manja mwa a Damiano isanapite kwa alimi. Kale zambiri zinkafa pa kusamuka kumeneku, poti mbewu yoleredwa m'nkhungu imadabwa ikakumana ndi nthaka ndi mphepo. Kwa iwo zinkafa zochepa kwambiri, mpaka mayi Chisale anayamba kutumiza antchito a minda ina kudzaphunzira. A Damiano ankaima pakhomo pa shedi, phazi osadutsa beseni la mankhwala, n'kutambasula manja kuti ndiwapatsire thireyi ya mbewu.

"Bweretsani alendo anga," ankatero. "Inu mwawalera m'mwamba. Tsopano ndiwaonetse dziko."

2017 mpaka lero

A Damiano anapuma ntchito mwaulemu, ndipo tinawaperekeza kumudzi kwawo ndi galimoto ya bungwe. Kuyambira chaka chimenecho, nthawi yokumba mbatata ikafika, ankabwera kwathu ndi dengu. Mukukumbukira mmene munkanyinyirikira potsuka mbatata zimenezo, poti zinkabwera ndi dothi lake lonse, ndipo iwe Tadala unafunsapo ngati kwa agogo amenewa kulibe madzi. Ulendo wawo womaliza anabwera pa kabaza, miyendo itatha mphamvu. Anatsitsa dengulo pakhonde, nandiyang'ana ndi diso lija la nthabwala.

"Sindinatsuke dala, alangizi. Ili ndiye lololedwa."

Anamwalira mvula isanagwe chaka chomwecho, ndipo tinawaika m'manda a kwawo, pafupi ndi mitengo ya milambe.

Nditapuma ntchito, abale anga ku Bembeke anandisungira malo oti ndimange, ndipo inu nomwe munandiumiriza kuti ndibwerere kumapiri kozizira, kusiyana ndi kukalambira m'ng'anjo ino. Ndinakupatsani zifukwa zosiyanasiyana: chipatala chili pafupi, mayi anu anazolowera msika wa kuno, mafupa anga sagwirizananso ndi chisanu. Zonsezo ndi zoona. Ndikudziwanso bwino lomwe, monga munthu amene anaphunzira, kuti chimene chinandichiritsa chaka chija ndi mankhwala a ku Mua. Koma nyumba ndamanga ku Mtakataka, pamtunda woyenda pansi kuchokera pachulu chija, ndipo a Damiano akanakhala moyo sakanalola kuti ndimalize kufotokoza.